Usipa wa azakhali pamsonkhano wa mapulofesa

Uthenga uja utalowa pafoni ndinauwerenga katatu, kenako ndinaimbira amayi kumudzi. Akatswiri a zansomba anali ndi msonkhano ku Johannesburg kumapeto kwa Novembala 2023, ndipo ine, mwana wa Masters wa nsapato zoseka, anandivomera kukaonetsa kafukufuku wanga. Ndinali nditatha miyezi yambiri kunyanja ndikuyeza usipa, wina woyanika pathandala, wina woumitsa m'matenti apulasitiki aja, kuona uti umaola msanga, uti ntchentche zimaukonda, uti umafika kumsika mutu ulipobe.

Kuvomeredwa n'kwaulere, ulendo ndiye umafuna ndalama. Kusukulu kwathu kuli kathumba kothandiza ophunzira opita kumisonkhano yotereyi, kathumba koti aliyense anakamvapo koma okaona ndi owerengeka. Pamafunika mafomu anayi, kalata ya a Dokotala ondiyang'anira, bajeti, ndi masiginecha asanu ndi limodzi. Bambo wa siginecha yachisanu sabata yoyamba anali kumaliro, yachiwiri kusemina ku Mangochi, yachitatu anabwera koma anaiwala chidindo m'galimoto. Mu Okutobala zinatheka. Anandilembera makwacha okwanira ndege, ndalama yolembetsera ndi pogona masiku atatu. Theka anandipatsiratu, theka lina anati ndikadzabweretsa malisiti.

Pa 9 Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Dola yomwe inali cha m'ma K1,180 inalumphira ku K1,700. Ndinagona ndili munthu wokwera ndege, ndinadzuka ndili wa basi.

Posita yanga ya A0, chipepala chachikulu choonetserapo kafukufuku wanga, ndinaipinda bwinobwino n'kuilowetsa m'paipi yapulasitiki yomwe ndinagula kuhadiweya, yotseka mbali zonse. Malisiti onse omwe ndinali nawo ndinawaika mu envelopu n'kuponya momwemo, poganiza kuti palibe wakuba angabe paipi. Usiku womaliza ndinagona kwa azakhali ku Ndirande kuti ndilawirire ku Wenela.

"Ukupita ku Joni? Ndiye umutengereko kandiwo msuweni wako, usipa anausowa."

"Azakhali, chikwama chadzaza. Komanso kumene ndikupitako n'kwa mapulofesa."

"Chabwino mwananga, kagone."

Azakhali anga sananenepo "chabwino" msanga chonchi chibadwire changa. Ndikanakhala wanzeru monga mmene mapepala anga amanenera, ndikanagona nditakumbatira paipi ija.

Pa Mwanza zinali bwino. Pa Zobue zinali bwino. Fungo linayamba titawoloka mlatho wa Zambezi pa Tete, pomwe dzuwa la Novembala limawotcha ngati muli nalo ngongole. Mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi anandiyang'ana, ine ndinawayang'ananso, aliyense akuganizira mnzake. Pofika pa Nyamapanda anali atamanga chitenje pamphuno. Ine mumtima ndinkati anthu ena sadziwa kulongedza katundu. Pa Beitbridge wapachipata analoza paipi ija n'kufunsa kuti muli chiyani. Ndinatukula chifuwa n'kuyankha kuti muli sayansi. Mphuno yake inagwedezeka pang'ono, koma mzere unali wautali, anangondikodola kuti ndidutse. Lero ndikamaganiza kuti ndinawolotsa nsomba m'malire atatu wopanda kapepala kalikonse, thukuta limatuluka.

Basi inafika pa Park Station mochedwa kwambiri moti ndinangosukusula kumaso, kuvala jekete yobwereka, ulendo kuholo. Kapeti wake woti ukaponda phazi limamira. Anzanga ochokera kumayiko ena anali atapachika kale maposita awo, ataima pambali ngati ogulitsa mafoni. Ndinatsegula chitsekero, posita yosatuluka. Ndinagwedeza pang'ono, zii. Ndiye ndinaizondotsa n'kuimenya kumbuyo ndi chikhatho.

Waaa! Usipa pakapeti.

Azakhali anali atauthira wopanda ngakhale jumbo, n'kuutsendera ndi mpini wa chipande kuti ulowe wambiri. Kutentha kwa ku Tete kunachita mbali yake. Posita inatuluka ili mawangamawanga amafuta, dzina la a Dokotala litasanduka chithaphwi, ndipo pamwamba penipeni pa girafu yanga yonyaditsa panamatirira kamutu ka usipa, maso ali tong'o, ngati nakonso kakuwerenga zotsatira.

Holo yonse inati chete. Ndinalakalaka kapeti uja atandimeza. Kenako gogo wina wachizungu wa tsitsi la mbuu anawerama, anatola kamodzi, anakayang'ana mbali zonse n'kufuula mokondwa kuti, "Engraulicypris sardella!" Limenelo ndi dzina la usipa m'mabuku. Iye ankaganiza kuti ndabweretsa dala zitsanzo. Anandifunsa ngati umenewu unali wapathandala kapena wamutenti. Ndinameza malovu n'kuyankha kuti unali wapamsika, woyerekezera ndi magulu awiri enawo. Anagwedeza mutu n'kulemba m'kabuku kake.

Anthu anaunjikana pa ine kuposa pa wina aliyense. Ena ankajambula, ena ankanunkhiza mwaulemu. Mnyamata wina wa ku Zambia anagwada kundithandiza kutola, koma ndinaona kuti dzanja limodzi likupita m'paipi, linalo m'thumba la jekete yake. Sindinamuletse. Madzulo msuweni anaimba: "Achimwene, amayi akuti muli ndi katundu wanga." Ndinamupatsa zotsalazo mu envelopu ya msonkhano. Anadandaula kuti wachepa.

Nditabwerera kumudzi kuno ndinapita ku ofesi ya zachuma kukatenga theka langa lija. Malisiti a masiku ano, a timapepala toterera tija, sagwirizana ndi mafuta ndi kutentha. Manambala onse anali atafufutika, kutsala fungo lokha. Mayi wa muofesimo anatola limodzi ndi zala ziwiri, analiyang'anitsa pawindo, analinunkhiza.

"Achimwene, limeneli ndi lisiti kapena ndiwo?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira ku Ndirande mpaka kwa gogo wachizungu uja. Anaseka mpaka kupukuta misozi, anaitana anzawo a chipinda china kuti ndibwerezenso. Atatha kuseka anandiuza kuti ndilembe kalata yofotokoza chomwe chinachitikira malisitiwo, isainidwe ndi anthu asanu ndi mmodzi omwe aja. Ndinafunsa ngati bambo wa siginecha yachisanu alipo. Anati ali ku Mangochi.