Kusankha mphongo ya llama: ubweya umabisa zambiri

Kumapiri a Andes, m'madera ngati Oruro ndi Potosí ku Bolivia kapena Puno ku Peru, llama, ziweto za mtundu wa ngamila koma zopanda linunda, amazikweretsa nthawi ya mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi. Bere limakhala masiku pafupifupi 350, motero mwana amabadwa dzinja lotsatira, msipu uli wobiriwira. Yaikazi imaswa mwana mmodzi yekha. Choncho mukalakwitsa posankha mphongo mudzazindikira chaka chitatha, ana onse a m'khola ali ake kale.

Chomwe chimabweza makola ambiri m'mbuyo n'chakuti mphongo zamathupi akuluakulu ndi zomwe zimathamangitsidwira kumsika wa nyama, popeza ndizo zili ndi ndalama, ndipo zina amazithena kuti zizinyamula katundu. Yotsala m'khola, yomwe wogula anaikana, ndiyo imasanduka tate wa ziweto zonse. Mphongo yobereketsa muziyamba mwaipatula musanagulitse ina iliyonse.

Dziwaninso chomwe mukuwetera. Mtundu wa Q'ara uli ndi ubweya waufupi, khosi ndi miyendo zili poyera, ndipo umawetedwa chifukwa cha nyama ndi kunyamula katundu. Wa Ch'aku ndi wa ubweya wambiri. Pa Q'ara muyang'ane kutalika kwa thupi, kukula kwa chifuwa ndi mafupa. Pa Ch'aku muwonjezere kufewa kwa ubweya ndi kuchepa kwa tsitsi lolimba losakanikirana nawo. Koma zonsezi zibwere pambuyo, mutatsimikiza kuti nyamayo ingathe kubereketsa.

Msinkhu woyenera ndi zaka zitatu. Mphongo yaing'ono imabadwa chida chake chili chomatirira ku khungu lochikuta, ndipo chimamatuka pang'onopang'ono pamene ikukhwima. Zambiri zimamasuka pakati pa zaka ziwiri ndi zitatu. Ya chaka chimodzi ndi theka imatha kuthamangitsa yaikazi, kuigwaditsa, kuikwera n'kumalira ngati ikugwira ntchito, chonsecho palibe chomwe chalowa. Mwini wake amawerengera bere lomwe kulibe.

Pa machende ndi pamene muyenera kutayapo nthawi. A llama salendewera; ali pansi pa mchira, omatirira ku thupi, ndipo ndi aang'ono poyerekeza ndi kukula kwa nyamayo. Kungoyang'ana sikukwanira. Wina agwire mutu, inu mutukule mchira n'kuwakhudza ndi zala. Akhale awiri, onse ali m'thumba mwake, ofanana kukula, olimbirako koma osati gwa, otha kusuntha m'kati mwa khungu. Pa mphongo yokhwima, lililonse limakhala masentimita 5 mpaka 6 m'litali ndi 3 kapena kupitirira pang'ono m'lifupi. Yezani ndi caliper, kachipangizo kopanira chinthu poyeza kukula kwake, osangoyerekeza. Aang'ono amapanga umuna wochepa. Ngati limodzi silinatsike, nyamayo ikhoza kubereketsa ndithu, ndipo ngozi yake ili pomwepo, chifukwa chilemacho chimatha kupita kwa ana. Imeneyo ithenedwe, ngakhale ikongole bwanji. Fufuzaninso zipsera. Mphongo zikamamenyana zimalumana kumachende, ndipo bala lakale limatha kusiya limodzi litafota. Kumalo otentha thumba limatupa ndi madzi, umuna n'kuwonongeka, ndipo pamatenga miyezi iwiri kapena kuposa kuti ubwerere m'chimake. Komwe kuli dokotala wa ziweto wokhala ndi makina a ultrasound, ounikira m'kati mwa thupi, aunikenso zotupa zam'kati zomwe zala sizingamve.

Mukachoka kumeneko, tsegulani pakamwa. Monga mbuzi, llama ili ndi mano akutsogolo pansi pokha, ndipo amagunda pa nkhama yolimba ya kumwamba. Nsagwada yam'munsi ikatalika kapena kufupika, mano saluma bwino udzu waufupi wa kumapiri, nyama n'kumaonda msipu ulipo. Ichinso n'chotengera. M'mbali muli mano omenyera asanu ndi limodzi, awiri kumwamba ndi limodzi pansi mbali iliyonse, opindikira m'mbuyo, omwe amatuluka pakati pa zaka ziwiri ndi zitatu. Si chilema, koma adulidwe nsonga mphongo isanalowe kwa zazikazi.

Miyendo muione nyama ikuyenda pamalo olimba, ikubwera kwa inu komanso ikupita. Mawondo ogundana, akakolo ofooka ofika pafupi ndi nthaka, zala zomatirana kapena zoposa ziwiri, zonsezi n'zokanira. Pamiyendo yakumbuyo sindinyengerera n'komwe, chifukwa llama zimakwerana yaikazi itagwada pansi, mphongo itanjuta pamwamba pake kwa mphindi 20 mpaka 40, umuna ukutuluka pang'onopang'ono nthawi yonseyo. Yopweteka m'chiuno kapena m'mawondo imadzuka msanga ntchito isanathe. Pisaninso dzanja mu ubweya n'kupapasa msana kumbuyo kwa mapewa: fupa likakhala lakuthwa ndiye kuti yaonda, likapanda kumveka yanenepa mopitirira. M'khwapa ndi m'mphechepeche muonemo mphere.

Zina sizioneka pa mphongoyo, zimabisala m'magazi. Funsani za amake, atate ake ndi abale ake. Kodi pa mtunduwo panabadwapo mwana wotsekeka njira ya m'mphuno, amene amalephera kupuma akamayamwa? Wopanda potulukira ndowe? Wopindika nkhope? Zilema zotere zimachuluka komwe ziweto zakhala zikukwerana pachibale, ndiye mphongo ichokere kukhola lakutali, ndipo isinthidwe pakatha zaka ziwiri kapena zitatu ana ake aakazi asanafike pokweredwa. Komwe llama zimadyera limodzi ndi alpaca, chiweto chofanana nazo koma chaching'ono, samalani ndi huarizo, mwana wa mitundu iwiriyi. Amabereka bwinobwino, koma amachepetsa thupi la llama.

Pa khalidwe, anthu ambiri amanyengeka ndi mphongo yokonda anthu, yomwe imabwera yokha kudzakununkhizani kumaso. Imeneyo ndiyo yoopsa. Kawirikawiri ndi yomwe inaleredwa ndi botolo, kutali ndi zinzake, ndipo imaona munthu ngati llama inzake. Ikakhwima imamugunda ndi chifuwa n'kumuluma, ndipo khalidweli silitha ndi kuthena. Yabwino imakupatsani mpata koma imalola kugwidwa.

Yopambana zonsezi iyesedwe pa zazikazi zingapo zomwe zinaberekapo. Llama yaikazi ilibe masiku oikika ofunira mphongo. Dzira limatuluka chifukwa cha kukweredwa komweko, patatha tsiku limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo mu umuna muli chinthu chomwe chimathandiza kulitulutsa. Pakatha masiku 7 muionetsenso kwa mphongo. Ikakana kugwada n'kuyamba kulavula, dzira linatuluka. Ikakananso pa masiku 14 ndi 21, bere liyenera kuti lagwira, ngakhale ena amatayika mwezi woyamba, choncho pitirizani kuyesa. Zambiri zikamagwadanso pa tsiku la 14, kaikirani mphongo, osati zazikazi.

Musaitopetse. Kukwera kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, n'kokwanira. Kupitirira apo umuna umachepa. Mphongo yosiyidwa ndi zazikazi zomwezo kwa masabata angapo imagwa ulesi, n'chifukwa chake makola akuluakulu a ku Peru amagawa mphongo m'magulu awiri n'kumazisinthanitsa sabata iliyonse, njira yomwe amaitcha empadre alternado. Khola laling'ono silifunika zonsezo: mphongo ikhale kwayokha, muziibweretsera yaikazi imodziimodzi, ndipo tsiku ndi nambala ya pakhutu zilembedwe m'kope nthawi yomweyo.