Tsiku limene moni anafufuma

Pamene ndinayamba kuwerenga code ya ext4, file system imene makompyuta ambiri a Linux amasungira mafayilo pa disiki, ndinali ndi changu cha mkamwini watsopano wosesa pabwalo anthu asanadzuke. Ndinkachotsa mipata yosafunikira ndi kuwongola mizere kufikira checkpatch.pl, pulogalamu yoona ngati code yalembedwa mwaudongo, itasiya kudandaula. Kenaka ndinakumana ndi kachidutswa ka code kotchedwa le32_to_cpu pamzere wowerenga kukula kwa fayilo, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti pa laputopu yanga ya purosesa ya mtundu wa x86 kanthuka kamangobweza nambala monga kayilandirira. Ndinakachotsa mosakayika, kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, inamangika bwinobwino, ndipo mafayilo anga onse anaoneka ali m'malo mwake.

Bambo wina wachikulire wa kuntchito kwathu, amene amakakamirabe kompyuta yakale ya Apple ya Power Mac G4 yomwe anaikamo Linux, anavomera kuyesa kernel yangayo. M'mawa mwake anandiitana ali chiimire, nandifunsa modekha kuti, "Achimwene, kodi moni wa kwanu amakhala wautali bwanji?" Iwo anali atalemba mawu oti "moni" m'fayilo, zilembo zinayi ndi chizindikiro chotseka mzere, mabayiti asanu basi, koma kompyuta inkanena motsimikiza kuti fayiloyo ili ndi mabayiti 83,886,080.

Chifukwa chake n'chakuti ext4 imalemba manambala pa disiki moyambira ku bayiti yaing'ono, monga mmene x86 imawerengera, pamene purosesa ya PowerPC ya m'makina awo imayambira ku bayiti yaikulu. Ntchito ya kanthu kamene ndinakayesa zinyalala inali kutembenuza mabayiti anayiwo pa makina otere, kotero popanda iko 1 amasanduka 16,777,216, ndipo 5 amachulukitsa chipongwecho kasanu. Tsoka lake, bambowo anali atayamba kale kukopera makalata awo pa fulashi, yomwe inadzaza ndi maziro makalata asanafike ndi theka lomwe.

Anandikhazika pampando wawo n'kundiuza kuti ndilembe make C=1, lamulo lomanga kernel limene limaitananso pulogalamu yofufuza zolakwika yotchedwa sparse. Pulogalamu ya sparse, imene imadziwa kuti nambala ya mtundu wa __le32, yolembedwa moyambira ku bayiti yaing'ono, siyenera kuwerengedwa isanatembenuzidwe, inaloza mzere wanga womwewo nthawi yomweyo, ndipo ndinaubwezeretsa iwo akuyang'anitsitsa chilembo chilichonse. Kuyambira tsiku limenelo, akandipatsa moni m'mawa amandipempha mwaulemu kuti ndiyankhe mwachidule, chifukwa fulashi yawo ndi yaing'ono.