Mlendo ndi mame: zimene ndinaphunzira pa sukulu ya m'phiri

Kukoleji tinali ndi phunziro lokhudza kaphunzitsidwe ka makalasi angapo m'chipinda chimodzi, ndipo mayeso ake ndinakhoza bwino. Mwina n'chifukwa chake mtima wanga unali m'malo pamene ndinkalembetsa ulendo wa anthu ongodzipereka wokaphunzitsa kwa milungu isanu ndi umodzi pa sukulu ina ya kumapiri. M'chikwama ndinalongedza mapulani a maphunziro makumi atatu, olembedwa mwaukhondo, lililonse la mphindi makumi anayi.

Galimoto inatisiya pomwe msewu unathera, kotsalako tinakwera wapansi pafupifupi maola anayi. Zoti ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 ndinkazidziwa kale, koma ndinazimvetsa m'mawa woyamba, zala zitauma moti choko chinkandipulumuka. Mnzathu wina anagona masiku awiri mutu ukuwawa ndi nseru, monga zimachitikira anthu ambiri akakwera mofulumira kupitirira mamita 2,500. Ana anayamba kufika dzuwa litakwera, awiriawiri, atatuatatu, ena atawoloka mtsinje. Pulani yanga inkayembekezera kuti belu likalira onse akhala ali pansi.

Mphunzitsi wa pa sukuluyo anali mayi wachikulire amene wakhala pamenepo zaka zambiri. M'chipinda chawo munali makalasi atatu. Ndinawasonyeza mapulani anga, iwo anawawerenga modekha mpaka tsamba lomaliza, kenako anati, "Mwalemba bwino, mwanangu. Koma sabata inoyi tangokhalani kumbuyoko muzionera." Kunena zoona zinandiwawa, poti masiku anga anali owerengeka ndipo ndinkaona ngati asanu akutayika.

Ndili kumbuyoko ndi pamene ndinaona ntchito yeniyeni. Amayiwa sankaima kutsogolo nthawi yaitali. Aang'ono ankawapatsa timiyala towerengera, apakati ankawerengerana nkhani awiriawiri, akuluakulu ankalemba, iwo n'kumazungulira. Mwana wofika mochedwa sankakalipiridwa. Ankapita pakhoma pomwe panali makadi, n'kutenga khadi lotsatira pomwe analekezera dzulo. Amene wajomba sabata yathunthu chifukwa cha ntchito za kumunda ankachitanso chimodzimodzi. Nditabwerera kukoleji ndinawerenga za Escuela Nueva, njira imene inayamba ku Colombia mu 1975 pofuna kuthandiza sukulu zakumidzi za mphunzitsi mmodzi kapena awiri. Kumeneko ana amaphunzira m'timagulu pogwiritsa ntchito timabuku towatsogolera, aliyense pa liwiro lake, kuti wojomba nthawi yokolola asabwereze chaka chonse. Amayiwa dzina limeneli sanalitchulepo n'kamodzi komwe. Anafika pa nzeru yofananayo chifukwa choyang'anitsitsa ana awo chaka ndi chaka.

Sabata yachiwiri anandipatsa kalasi yapakati, ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa chinthu chimene chimandivutitsabe maganizo. Ana a kumeneko ali ndi chinenero chawo, chosiyana ndi cha m'mabuku a sukulu, ndipo ine sindinkachidziwa. Ndinaphunzitsa m'chinenero cha m'mabuku. Ndikanena chiganizo, onse ankabwereza mokweza. Ndikafunsa ngati amva, onse ankavomera limodzi. Ndinatuluka ndili wokondwa. Madzulo amayiwa anaitana ana anayi, n'kuwafunsa m'chinenero chawo zimene ndinaphunzitsa. Mmodzi yekha ndiye anayesako. Enawo anabwereza ziganizo zanga bwinobwino, ndi kamvekedwe ka mawu anga komwe, koma tanthauzo lake sankalidziwa. Anawo analibe mlandu: ankandilemekeza monga mlendo, ndipo njira yondilemekezera inali kundipatsa yankho limene ndinkaoneka kuti ndikulifuna.

Nkhani imeneyi si yachilendo. Bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, linanena kale mu 1953 kuti mwana amaphunzira bwino akayambira m'chinenero chake, ndipo mu 2016 linati anthu pafupifupi 40 mwa 100 alionse padziko lapansi alibe mwayi wophunzira m'chinenero chimene amalankhula kapena kumva. Kumapiri vutoli limakula, chifukwa zigwa ndi zitunda zimalekanitsa anthu, zinenero n'kumachuluka. Dziko la Papua New Guinea, lodzaza ndi mapiri, lili ndi zinenero zoposa 800. Tsono wongodzipereka akamakwera phiri ndi chinenero cha kutali, amakhala akuwonjezera katundu pa mwana amene akulimbana kale ndi zinenero ziwiri.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kufunsa kuti "Mwamva?" Ndinkauza mwana kuti andisonyeze, ajambule, kapena afotokozere mnzake m'chinenero chawo amayiwa akumvetsera. Ndinapemphanso ana kuti tsiku lililonse azindiphunzitsa mawu khumi. Apa ndiye kalasi inasintha. Mtsikana wina amene sanatsegulepo pakamwa masiku onse aja anakhala wondikonza wamkulu. Ndikatchula molakwika ankapukusa mutu, n'kundibwerezetsa mpaka lilime langa litagonja. Kenako tinajambula mapu a njira za ana zobwerera kusukulu. Aliyense anaika mtsinje wake, thanthwe lake, malo oterera mvula ikagwa, ndipo tinawerengera nthawi imene amayenda. Masamu a sabata imeneyo anachokera pa mapuwo. Anandiuza maina a mitengo ndi mbalame, ndi mmene amadziwira kuti nkhungu ikubwera ndipo ayenera kuweruka msanga. Pa pepala lotiitanira ku ulendowu panalembedwa za kusinthana chikhalidwe, ndipo tinakonzeradi tsiku la nyimbo ndi magule. Linali tsiku losangalatsa, koma ine ndikaganiza za kusinthana ndimakumbukira mapu aja.

Za zithunzi ndingonena mwachidule. Wina m'gulu lathu ankajambula ana ndi foni kuti akaike pa Facebook, ndipo amayiwa anamufunsa mwaulemu ngati makolo awo avomera. Palibe mwa ife amene anali ataganizako. Tinafufuta zithunzizo.

Usiku wina tikuwotha moto ndinawafunsa kuti, "Amayi, kodi magulu ngati lathuli amakuthandizanidi?" Anakhala kaye chete. Kenako anati alendo amabweretsa mabuku ndi chimwemwe, ndipo ana amazindikira kuti kuseri kwa mapiri kulinso anthu. Koma gulu lililonse likafika limayambira pa moni, mitundu ya zinthu ndi kuwerenga mpaka khumi. Ana ena aphunzira zimenezi kanayi. Alendo akapita, iwo amatsala ndi silabasi imene yaima milungu ingapo, komanso ana aang'ono amene amakhala masiku akuyang'ana kunjira.

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndikukwera phiri lija ndinkadziona choncho. Amatinso mlendo ndi mame. Mawu onse awiri ndi oona, koma wokhala milungu isanu ndi umodzi ayenera kukumbukira kwambiri achiwiriwa. Bungwe la Peace Corps, lomwe linayamba ku United States mu 1961, kawirikawiri limatumiza anthu ongodzipereka kumayiko ena kwa zaka ziwiri, atayamba aphunzira chinenero ndi kakhalidwe ka kumaloko kwa miyezi pafupifupi itatu. Ife tinakonzekera masana awiri. Sindikunena kuti maulendo aafupi athe, chifukwa ndinaona ndi maso anga ubwino wake. Chimene ndikukana n'chakuti mlendo azilanda choko m'manja mwa mwini kalasi. Funso loyamba pokonza ulendo lizipita kwa mphunzitsi wa pamalopo: ali pati m'silabasi, ndi ana ati akutsalira, ndi ntchito iti imene manja owonjezera angaipeputse. Kwa amayiwa yankho linali losavuta. Ankafuna munthu wokhala pansi ndi ana asanu amene kuwerenga kunkawavuta, tsiku ndi tsiku, iwo akusamalira enawo. Milungu itatu yomaliza ndinachita zimenezo basi, ndipo atatu mwa asanuwo anayamba kulumikiza maphatikizo n'kuwerenga mawu athunthu.

Tisanatsike tinagula kope lachikuto cholimba n'kulembamo zonse: pomwe kalasi iliyonse yafika, zimene tinayesa zikakanika, mawu zana limodzi a chinenero cha anawo ndi katchulidwe kake, ndi pempho lakuti obwera pambuyo pathu adzayambe ndi sabata yoonerera. Amayiwa anawonjezera tsamba lawo, n'kuika kopelo m'kabati ya mabuku. Mapulani anga makumi atatu aja ndinagwiritsapo anayi.

Teremu ino ndasankha kuti kafukufuku wanga womaliza akhale wa mmene mphunzitsi angadziwire ngati mwana wamvadi pamene chinenero cha m'kalasi si cha kwawo. Mwezi watha amayiwa ananditumizira uthenga atatsikira kumene kuli netiweki. Akuti gulu lina linafika, linawerenga kope lija, ndipo mtsikana wondikonza uja wawonjezeramo mawu makumi awiri ndi dzanja lake.