Ku Kwinana, kumene mchere umabwerera m'nyanja

Mukachoka mumzinda wa Perth ku Australia n'kulowera kumwera makilomita pafupifupi 40, mumafika ku Kwinana, dera la mafakitale ambiri. Pagombe la Cockburn Sound, chigawo cha nyanja yamchere cha kumeneko, ndi pamene pali fakitale yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja, imene inayamba ntchito mu 2006. Alendo ambiri amathamangira kukaona masefa, mizere italiitali ya mapaipi oyera ndi mapampu ogonthetsa m'khutu. Komatu ntchito yovuta ili pansi pa nyanja, posaoneka ndi maso.

Pa malita 100 alionse opopedwa, osakwana theka ndi amene amasanduka madzi akumwa. Otsalawo amabwerera atasenza mchere wonse. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere, pomwe otsalawa amafika cha m'ma 65. Madzi otere ndi olemera. Mukangowakhuthula pagombe, amatsetsereka n'kukadikha m'malo okuya ngati nsenga pansi pa ndowa ya thobwa. Sasakanikirana ndi apamwamba, mpweya wa okosijeni umatha, ndipo nkhanu, nkhono ndi tizilombo ta m'matope timabanika.

N'chifukwa chake paipi yotayira inalowa m'nyanja mamita oposa 400. Chakumapeto kwake kuli timipopi 40 toloza m'mwamba chopendekeka. Madzi amatumphuka mwamphamvu, amakwera, pogwa n'kuti atasakanikirana kale ndi anzake. Chilolezo cha boma chimafuna kuti pofika mamita 50 kuchokera pamenepo, gawo limodzi la madzi otayidwawo likhale litalowerera m'magawo 45 a madzi wamba. Fakitale ikamayenda pang'onopang'ono mphamvu ya timipopi imachepa, ndiye kusakaniza nakonso kumafooka.

Kunena zoona, malowa si abwino kwenikweni kutayirapo. Mukaima pagombe mumaona chilumba cha Garden Island chitatchinga mafunde, ndipo mphepo ikakhala bata masiku angapo madzi savunduka. Zipangizo zoyezera okosijeni pansi pa nyanja zikasonyeza kuti watsika kwambiri, fakitale inkayenera kuchepetsa ntchito, monga zinachitikira mu 2008.

Palinso matope ofiira ochokera kotsukira masefa oyamba. Kufiirako ndi kwa mankhwala a ayironi amene amathira kuti zinyalala zigwirane. Amenewa sapita m'nyanja ayi. Amawafinya ndi makina mpaka atalimba, n'kuwapakira m'malole kukawataya kumtaya.