Lachitatu: mwana wodziwa chenji amene akulephera samu yochotsera

Lero m'kalasi langa la Sitandade 4 tinali pa masamu ochotsera ofunika kubwereka. Nditamaliza chitsanzo pabolodi n'kufunsa ngati amva, ana onse anayankha limodzi mokweza kuti "Eee!", moti wodutsa panja akanaganiza kuti phunziro layenda bwino. Koma nditayamba kuchonga makope ndinapeza kuti ambiri, pa samu ya 1000 kuchotsa 650, alemba 1650. Pa mzere uliwonse ankachotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, osalabadira kuti ili pamwamba kapena pansi, ndipo 1 wa kumanzereyo ankangomutsitsa.

Yankho lotere silichokera ku ulesi. Mwanayo wadzipangira lamulo lake ndipo akulitsata mokhulupirika. Jean Piaget, katswiri wa ku Switzerland amene tinamuphunzira kusukulu yauphunzitsi, anayamba kafukufuku wake atazindikira, pamene ankayesa ana ku Paris, kuti ana a msinkhu umodzi amalakwitsa mofanana, ndipo kuti zolakwazo zimaonetsa mmene iwo akuganizira. N'chifukwa chake ine sindikhutira ndi kungoika mtanda wofiira m'kope. Ndimafuna kudziwa njira imene mwana wadutsa.

Pa buleki ndinaitana mtsikana wina amene masana amathandiza mayi ake kugulitsa zitumbuwa pamsika. Ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, munthu akagula zitumbuwa za K650 n'kukupatsa K1000, umubwezera zingati?" Asanaphethire n'komwe anati, "K350, aphunzitsi." Nditafunsa kuti wapeza bwanji, anafotokoza kuti waika 50 kuti ikwane 700, kenako 300 kuti ikwane 1000. Ndinatsegula kope lake n'kumuonetsa 1650 imene analemba mmawa. Anayang'ana kwa kanthawi, nagwira pakamwa, n'kunena kuti chenji sichingapose ndalama imene wogula wapereka. Nzeru imeneyi anali nayo kuyambira kale, koma polemba anaisiya panja, chifukwa kwa iye manambala a m'kope ndi ndalama za pamsika ndi zinthu zosakhudzana.

Zimenezi si za kuno kokha. Mu 1985 Terezinha Carraher, David Carraher ndi Analúcia Schliemann anafalitsa zimene anapeza pakati pa ana ogulitsa malonda m'misewu ya mzinda wa Recife ku Brazil. Ofufuzawo akamagula ngati makasitomala, anawo ankakhoza pafupifupi 98 peresenti ya mafunso, koma masamu omwewo ataperekedwa papepala ngati manambala okhaokha, ankakhoza pafupifupi 37 peresenti. Anawo anali ochepa, komabe zimene zinaonekazo mphunzitsi aliyense wa m'dera la msika angazizindikire.

Titalowanso, ndinadula makatoni akale kukhala ndalama zoyerekezera za K50, K100, K500 ndi K1000, ndipo gulu lililonse linatsegula golosale yake. Amene ali ndi K1000 yathunthu sangabweze chenji asanaisinthe kukhala ndalama zing'onozing'ono, ndipo kusinthako ndi kumene pabolodi timati kubwereka. Ndinaika ana ozolowera malonda pamodzi ndi anzawo osazolowera, potsatira mfundo ya Lev Vygotsky wa ku Russia yakuti pali ntchito zimene mwana sangathe yekha lero koma angathe akathandizidwa ndi wodziwako pang'ono, ndipo pamenepo ndi pamene kuphunzitsa kumagwira. Ndinamva mnyamata wina akuuza mnzake kuti, "Iwe, 1000 ija yaphwanyidwa kale, usailembenso." Mawu amenewo anamveka kwa mnzakeyo kuposa anga onse a mmawa. Sindikunena kuti onse anamvetsa. M'kalasi lodzaza ngati langa, monga akhalira makalasi ambiri chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, magulu a kumbuyo ndinawafikira belu litatsala pang'ono kulira, ndipo ena mwa iwo akadali pa 1650.

Poweruka ndinakambirana nkhaniyi ndi mphunzitsi mnzanga wachikulire, amene wakhala akuphunzitsa Sitandade 8 kwa nthawi yaitali. Iwo anati masewero a golosale amadya nthawi, silabasi ndi yaitali, ndipo mayeso a MANEB safunsa za zitumbuwa. Ndikuwamvetsa, ndipo ndikuvomereza kuti kuloweza kuli ndi malo ake, makamaka pa matebulo ochulukitsa. Komabe ndinawauza mwaulemu kuti mwana amene waloweza njira osadziwa tanthauzo lake alibe chomuchenjeza akasokera, ndipo adzalemba yankho losatheka ngakhale m'chipinda cha mayeso, mtima uli m'malo.

Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi kuiwala. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa mu 1885 kuti zimene munthu wangophunzira zimachoka mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kuti kubwereza motalikitsa masiku kumathandiza kuposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. Choncho mawa ndiyamba ndi magulu a kumbuyo aja, ndipo Lachisanu ndidzapereka masamu atatu a mtundu womwewu popanda makatoni, aliyense payekha, ndi lamulo lakuti asanachotsere alembe kaye pambali ngati yankho liyenera kukhala lalikulu kapena laling'ono kuposa nambala ya pamwamba.