Holland Series yatha, nkhani ndi mikono ya oponya

Ligi ya baseball (masewero oponya mpira ndi kuumenya ndi ndodo) ya ku Netherlands, Hoofdklasse, yatseka sizoni ndi Holland Series, mpikisano womaliza wolimbirana chikho, ndipo amene mukungotama omenya mpira patali mwaphonya nkhani. Chikho chimenechi chimapita kwa timu yokhala ndi oponya ambiri, basi.

Onani momwe sabata imakhalira. Matimu awiri amakumana katatu, nthawi zambiri Lachinayi madzulo, Loweruka ndi Lamlungu. Woponya woyamba masewero akafika mipira pafupifupi 100 mkono wake wathera pomwepo, ndipo amafunika masiku anayi kapena asanu opuma. Ndiye oyambitsa odalirika afunika atatu, osati katswiri mmodzi. Timu ya oponya awiri imaoneka yoopsa mu Epulo, koma masewero a Lamlungu imangogawa ngati mphatso. Mkono ukatopa chigongono chimatsika, mpira umayandama m'mwamba, woponya nkuyamba kuphonya malo. Akaphonya kanayi womenya amangoyenda ulele kupita pa base yoyamba, malo oyamba pa ulendo wake wokagoletsa, ndipo anthu oyenda ulelewa ndi amene amagoletsa mu zigawo za kumapeto kwa masewero, inning ya 7 ndi ya 8. Mvula ya kumeneko nayo sithandiza, masewero oimitsidwa amaunjikana, masiku opuma nkuchepa.

Ku Holland Series wopambana masewero anayi mwa asanu ndi awiri ndiye mwini chikho. Kumbukirani 2019: Neptunus ya ku Rotterdam inatsogola 3-0, Amsterdam Pirates nkupambana anayi otsatizana. Mpikisano ukatalika chonchi, makochi amayamba kuitana woponya wachinayi ndi wachisanu, aja sitiwatchula n'komwe chaka chonse.