Injini pansi pa mpando

Lachinayi usiku, tulo sitikubwera. Mawu a mnyamata wina amene ndinakwera naye sitima akundizungulirabe m'mutu.

Tinakhala moyang'anizana m'sitima ya mabogi awiri, ija yopanda mutu wokoka, imene injini zake za dizilo zimakhala kunsi kwa bogi. Titanyamuka pa kasiteshoni kena, injini inabangula, pansi ponse n'kuyamba kunjenjemera. Iye anachotsa zomvera m'khutu n'kundiuza kuti, "Achimwene, zinthu izi akanazitaya kalekale. Iyi ndi basi chabe, angoiika pa njanji. Utsi wokhawokha."

Za utsi ndinamuvomereza, dizilo ndi dizilo. Koma ndinamufunsa kuti akaitaya lero, mawa mukwera chiyani? Akuti ya magetsi. Anayankha msangamsanga, ndipo mtima wanga unayamba kutentha pomwepo.

Kuti sitima ya magetsi iyende pamafunika mapolo ndi nthambo njira yonse, malo otsitsira mphamvu ya magetsi, nthawi zina kukweza milatho kuti nthambo zidutse. Pa njanji yodutsa sitima zambirimbiri ndalama zimenezo zimabwerera. Pa njanji ya kumidzi, yodutsa sitima zowerengeka patsiku, sizibwerera, ndipo eni ake akatopa ndi kuluza nthawi zambiri sakoka nthambo ayi, amangoitseka. Sitima yonga imene tinakwerayi ndi imene yaletsa njanji zambiri kutsekedwa. Ndi yopepuka, siimwa mafuta ngati chimutu chokoka mabogi awiri okha, ndipo ili ndi chipinda cha woyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo. Ikafika kumapeto kwa njanji, woyendetsa amangotsika, kupita mbali inayo, ulendo wobwerera wayamba. Anthu akachuluka amalumikiza ziwiri kapena zitatu, woyendetsa mmodzi yemweyo n'kumalamula injini zonse. Ku Germany m'zaka za m'ma 1950, tisitima tofiira topangidwa ku Uerdingen ankatitama kuti tinapulumutsa njanji zing'onozing'ono. Ku America kampani ya Budd inayamba kupanga zake mu 1949, zinakwana 398, ndipo zina zikunyamulabe anthu ku Canada pakati pa Sudbury ndi White River.

Zonsezi ndinazinena, mwina mokweza mawu. Iye ankangogwedeza mutu. Pa nkhani ya basi ija ndinamuuza kuti ku Britain zinachitikadi: m'zaka za m'ma 1980 anatenga thupi la basi ya Leyland n'kuliika pa chimango cha magudumu anayi chonga cha ngolo ya katundu. Ankazitcha Pacer, zinkadumphadumpha ndi kulira pokhota, ndipo zomaliza zinapuma mu 2021. Apo anaseka, akuti mwaona. Koma nditatchula ya pakati pa Berlin ndi Hamburg, ya mabogi awiri, ya dizilo, imene mu 1933 inkathamanga makilomita 160 pa ola, anakhala chete pang'ono.

Kwinakwake tinaima pa pulatifomu yaifupi, yopanda ngakhale ofesi ya matikiti. Anatsika mayi wina ndi mwana, anakwera bambo wachikulire woyendera ndodo. Ndikuona kuti chimene chinandipweteka ndi chimenechi. Wonena kuti tayani amakhala ndi njira ina yoyendera. Bambo uja sankaoneka kuti ali nayo. Ndakhala wokwiya masiku ano ndi mayankhulidwe otere, ofulumira kugwetsa chinthu chimene wina akudalira, ndipo mnyamatayu anangondipeza ndili kale chomwecho.

Komatu sanali wopanda nzeru. Anatchula sitima za mabatire, anatchulanso yoyendera mpweya wa hydrogen, yotchedwa Coradia iLint, imene inayamba kunyamula anthu kumpoto kwa Germany mu 2018. Ndinamuuza kuti inenso ndikuzifuna, zibwere, bola zifike kaye pa kapulatifomu kaja dizilo asanachoke. Tinagwirizana pamenepo, kapena ndinaganiza kuti tagwirizana.

Akunyamula chikwama kuti atsike, anatembenuka. "Nanga achimwene, 'kaye' wanuyo mpaka liti? Aliyense akamati dikirani kaye, adzayamba ndani?" Chitseko chinatseguka, anapita.

Funso limeneli ndi limene landikhazika maso. Sitima yotere ikagulidwa imagwira ntchito zaka 30, zina kupitirira. Ndiye amene akugula yatsopano ya dizilo chaka chino wasankhiratu utsi wa ana amene panopa akukwawa. Kukonza yakale kuti ipitirize kuyenda ndikukuvomereza ndi mtima wonse. Kugula yatsopano ndi nkhani ina, ndipo pamenepo mnyamata uja wandigwira. Komabe yakaleyo tsiku lina idzatheratu, nthambo zisanafike, mabatire asanakwanire mtunda wonsewo, ndipo bambo wa ndodo uja adzafunabe kukwera m'mawa wake.